Mpando wautali wa Esteri Namaona

Taganizirani m'mawa wamba pamudzi, mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri mpaka m'munsi. Mayi watuluka m'nyumba. Ayamba wapita kuseri, ndipo kumeneko anjuta. Pobwerako agwada pamafuwa kuuzira moto. Atenga tsache lalifupi lija, awerama, asesa bwalo lonse. Mbale atsuka chonjuta, mwana amudyetsa atakhala pamkeka, ndipo bambo akatuluka awapatsa madzi atagwada. Belu la kusukulu lisanalire, mayiyu watsika pansi ndi kudzukanso mwina kakhumi, osaganizako n'komwe. Ntchito za mkazi kwathu kuno zili pansi. Ndiye taganizirani dokotala akumuuza mayi ameneyu kuti kwa miyezi itatu asatsike pansi ngakhale kamodzi.

Izi n'zimene anauzidwa Esteri Namaona mu Juni 2024.

Esteri ndinamuphunzitsa sitandade 5 ndi 6. Anali mwana wa mawu apansipansi, wowerenga bwino, amene ankalemba deti pakona ya tsamba asanauzidwe. Mayi ake atamwalira anasiya sukulu, ndipo atakula pang'ono analembedwa ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina. Anakwatiwa ndi Ganizani, mnyamata wa kabaza pa Muloza. Kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma Ganizani anati ntchito yake ili paboda, choncho anapempha chitengwa. Esteri anakakhala pabwalo la apongozi ake, kutali ndi abale ake onse, ndipo kumeneko anabereka mwana wamkazi dzina lake Favour.

Mu Febuluwale 2022 anaterereka pamtunda kukugwa mvula, dengu lodzaza masamba lili kumsana. Anthu anati wabinya chabe, anamuthowa, iye n'kubwerera kuntchito akutsimphina. Patatha zaka ziwiri sankathanso kuponda. Chithunzi cha kuchipatala chinaonetsa kuti mutu wa fupa, pamene mwendo umalumikizana ndi chiuno, unafa n'kuphwanyika. Anadikira pamndandanda miyezi yambiri, kenako madokotala a chipatala china ku Blantyre anachotsa fupa lakufalo n'kuikapo chitsulo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Masiku atatu oyamba ankamupatsa mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Kenako anamusinthira ku makapisozi a tramado, amene ndi achibale ake a mofini, ocheperako mphamvu. Tsiku lotuluka, namwino wa m'wodimo, a Marjory, anakhala pabedi lake n'kulemba zonse m'buku lake la kuchipatala. Sabata yoyamba makapisozi atatu patsiku, yachiwiri awiri, yachitatu limodzi, kenako basi. Panado amwe pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Pamalo potupapo aziikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Aziyenda ndi ndodo zake pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo. Ndipo asagwade, asanjute, asakhale pamkeka kapena pampando waufupi, chifukwa minofu isanagwire, chitsulocho chimatha kuguluka m'malo mwake.

"Makapisozi awa ndi mlendo, si mkamwini," anatero a Marjory. "Masabata atatu akakwana, apakire azipita. Ukawasunga, amanga nyumba."

Esteri anaseka.

"Usaseke. Ululu pang'ono uzikhala nawo. Ndi umene uzikuuza kuti apa wapinda kwambiri. Ukauphimba wonse, ndani akuuze?"

Asanamutulutse, a Marjory anadula chingwe kuchokera pansi mpaka pamwamba pa bondo la Esteri, n'kuwonjezerapo chikhatho. Anapereka chingwecho kwa Sharon, mkulu wake wa Esteri, amene ankamudikirira m'chipatalamo. Sharon anapita nacho kwa a Khalidi, kalipentala wa pa Muloza, ndipo a Khalidi anakhoma mipando iwiri yofika pamuyeso wa chingwecho. Wina unali wa pakhonde, wina wobooka pakati, wa kuchimbudzi.

Masabata awiri oyamba zinthu zinayenda. Sharon atabwerera kwawo, Esteri ankatsata buku lake mzere ndi mzere. Nsalu ankanyika mumtsuko, pamene madzi amagona n'kuzizira. Ankayenda kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa mapeyala n'kubwerera. Ululu unalipo, ndipo masana ena ankakukuta mano, koma anali atatsika kale pa makapisozi awiri patsiku.

Lamlungu lina kunabwera anthu ozonda odwala. Anali amayi a kutchalitchi asanu ndi a Phillip, malume ake a Ganizani, munthu wolemekezeka pamtundu wawo. Amayiwo anakhala pamkeka. A Phillip anapatsidwa mpando wa Ganizani, wamba, waufupi. Esteri anali pampando wake wautali uja, ndipo mutu wake unali pamwamba pa mitu ya anthu onse. Kuti awapatse moni a Phillip, anachita kuyang'ana pansi.

A Phillip anakweza maso, anayang'ana miyendo ya mpandowo, kenako anayang'ana mphwawo.

"Ganizani, kodi tabwera kudzazonda wodwala kapena kudzazengedwa mlandu? Chifukwa ukuku ndikuona ajaji."

Amayi aja anaseka, ena atagwira pakamwa.

"Ndi zakuchipatala, malume," anatero Ganizani.

"Eya, zakuchipatala. Ndiye ndigwade ndine, kapena ugwada ndiwe? Undiuze, ine malamulo a panyumba pano sindiwadziwa."

Anasekanso. Esteri anafuna kufotokoza za chingwe, koma mtengwa sayankha malume a mwamuna wake pagulu. Anangowomba m'manja pang'ono n'kuzyolika. Apongozi ake sanaseke nawo. Anadikira mpaka alendo atapita, kenako anayamba.

"Ine Ganizani ndinamubereka Lachiwiri, Lachinayi ndinali pamtondo. Uyu amung'amba pang'ono chabe, wasanduka bwana wa esiteti. Achimwene anga kuwayang'anira pansi ngati mwana wa sukulu! Mawa kutchalitchi ndikaonetsa nkhope iti?"

M'mawa mwake Ganizani sanapite kuboda. Anabwereka sowo kwa mnzake, anagoneka mpando uja pabwalo.

"Bambo a Favour," anatero Esteri ali chiimire ndi ndodo zake, "chingwe chija anayeza ndi anamwino."

"Anamwinowo amagona pano?"

"Anati chitsulo chingaguluke."

"Chitsulo chimaguluka? Njinga yanga ndi chitsulo, imanyamula matumba atatu, yaguluka liti?"

Anadula chikhatho ndi theka mwendo uliwonse, mpaka mpandowo unatsika kuposa wake. Wa kuchimbudzi uja apongozi anautulutsa, ati ukutchinga anthu ena.

Tsiku lomwelo ululu unabwerera ngati wa tsiku la opaleshoni. Kukhala pansi kunali kulira, kudzuka kunali kulira. Pofika Lachitatu Esteri anali atamwa makapisozi onse a sabata yachitatu, ndipo m'kapepala munalibe kanthu. Ganizani anamupeza atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu.

Sindikhulupirira kuti Ganizani anaganiza zomupweteka. Iye anachita zimene ankadziwa. Paboda pali anyamata ena a kabaza amene amamwa tramado wogula kwa mavenda kuti azipalasa tsiku lonse osamva miyendo. Madzulo ake anabwera ndi makapisozi opanda bokosi, opanda pepala, amphamvu kuposa a kuchipatala aja.

"Anzanga amamwa awa, amachoka ku Milanje ndi katundu wa ngolo osamva kanthu," anatero. "Iwe ungalephere kugwada chabe? Imwa."

Anamwa. Ndipo sindibisa, chifukwa iye mwini sanandibisire: anasangalala. Patangotha ola ululu unachoka wonse. Anakhala pampando wodulidwa uja osamva kanthu. Mawa lake anagwada pamafuwa. Tsiku lotsatira anasiya ndodo imodzi, anasesa bwalo ndi tsache lalifupi. Apongozi anaitana oyandikana nawo kuti adzaone.

"Si uyu? Ankati miyezi itatu. Matenda ena amafuna kuwakalipira basi."

Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, Esteri anamva apongozi ake akumuyamikira pamaso pa anthu. Buku la kuchipatala analiika pansi pa sutikesi. Kuyenda kwa m'mawa ndi madzulo anasiya, chifukwa wochira sayenda kupita kumtengo wa mapeyala n'kubwerera popanda chifukwa. Tsiku lokaonedwanso ku Blantyre linafika n'kudutsa.

Koma makapisozi awiri anasiya kukwana. Anakhala atatu, kenako anayi. Pofika kumapeto kwa Julayi ankamwa asanu ndi limodzi. Ankasinza akusenda nandolo, mbale n'kugwa pamiyendo. M'mawa akachedwa kumwa, ankayasamula mosalekeza, mamina akuchucha, thupi lonse likunyerenyetsa ngati muli nyerere. Akangomeza, zonse zinkatha. Sankamweranso chiuno chokha. Ankamwa kuti athe kuima.

Mu Ogasiti a Phillip anabweranso. Apongozi ndi amene anawaitana, kuti adzaone okha kuti mtengwa waphunzira ulemu. Anapha nkhuku. Esteri anamwa makapisozi atatu nthawi imodzi, anavala chitenje chatsopano, anatenga beseni la madzi ofunda, anayenda popanda ndodo, n'kugwada pamaso pa a Phillip mpaka anakhalira zidendene.

"Tsopano ndiye ndafika pamudzi wa anthu," anatero a Phillip akukwinya malaya.

Sopo anali kumbuyo kwake. Esteri anapotoloka ali chigwadire kuti amutenge. Kunamveka kuti khu, ndipo onse anamva. Anagwera chammbali, beseni linakhuthukira pa nsapato za a Phillip.

"Dzuka," anatero apongozi motsitsa mawu. "Dzuka, usatichititse manyazi."

Anayesa. Mwendo unali utapindikira m'kati, waufupi kuposa unzake. Ganizani ndi mayi ake anamugwira m'khwapa, anamukokera m'nyumba, anatseka chitseko. Panja anapukuta nsapato za malume, anabweretsa madzi ena, alendo anadya nkhuku yawo. Atapita, Ganizani anamupatsa makapisozi ena awiri, ati mwendo ubwerera wokha akapuma. Anagona pansipo mpaka tsiku lotsatira, pamene mayi wina woyandikana nawo anaimbira foni Sharon. Sharon anabwera ndi galimoto, ndipo kuchipatala chapafupi anawatumiza ku Blantyre, kuwodi yomwe ija.

Madokotala anamugoneka tulo n'kubwezera chitsulocho m'malo mwake. Atadzuka anamuuza mosabisa kuti minofu yang'ambika, ndipo chikagulukanso mwina sichidzakhalanso. Zikatero adzachichotsa, ndipo ndodo sadzazisiya moyo wake wonse.

Kenako panabuka vuto lina. Mankhwala amene amakwanira odwala ena onse, kwa iye sankachita kanthu. Ankabuula, ankanjenjemera, m'mimba munatsegula. A Marjory anakoka katani, anakhala pabedi.

"Kunyumba umamwa angati?"

"Awiri."

"Esteri, tandiyang'ana."

"Asanu ndi limodzi. Masiku ena asanu ndi awiri."

"A kuti?"

"A paboda."

A Marjory sanamukalipire. Anamuuza kuti tsopano ulendo wake watalika. Kusiya lero lomwe sikungatheke, chifukwa thupi lozolowera chotere likamanidwa mwadzidzidzi munthu amadwala koopsa. Atsika pang'onopang'ono, sitepe imodzi masabata awiri alionse, ndi mankhwala a kuchipatala okha, ndipo sitepe iliyonse idzawawa.

"Ululu wa chiuno ndi wina, njala ya makapisozi ndi ina," anatero. "Poyamba zizioneka ngati chinthu chimodzi. Uphunzira kuzisiyanitsa."

Ganizani anabwera kamodzi, tsiku lachisanu. Anabweretsa nthochi m'jumbo, ndipo pansi pa nthochizo panali makapisozi khumi. Anaona mmene mkazi wake ankanjenjemerera.

"Ukuona? Akukuzunza awa. Ndakubweretsera ako."

Esteri anayang'ana m'jumbomo, dzanja lake linapita lokha.

"Amayi akuti akakutulutsa ubwere," anatero Ganizani. "Zija zatha, sanasunge kanthu kukhosi. Malumenso akhululuka za nsapato. Koma ubwere ngati mkazi, osati zija."

"Mpando wanga uli kuti?"

"Uti?"

"Wa kuchimbudzi uja. Uja simunadule."

"Amayi anasonkhera moto. Nkhuni zavuta."

"Mungakawauze a Khalidi akhomenso ina?"

Ganizani anaseka, anayang'ana odwala a mabedi ena ngati akufuna omuthandiza kuseka. "Make Favour, ukufuna anthu azinditchula chiyani paboda? Kondakitala wa mkazi wake?"

"Ndiye ndikakhala kwa achemwali mpaka ndichire."

"Ukapita kwanu, wapita. Ine sindidzabwera kudzakupempha."

Ananyamuka, jumbo anaisiya. Esteri anabisa makapisoziwo m'pilo. Madzulo ake anamwa awiri, ndipo kwa maola angapo anali pamtendere. Mphamvu yake itatha, anapeza kuti wagona chopinda mwendo, pilo amene anamuika pakati pa mawondo kuti chitsulo chisasunthe atagwera pansi, ndipo iye sanamve kanthu. M'mawa a Marjory atalowa, anawapatsa asanu ndi atatu otsalawo.

"Anali khumi," anatero.

"Ndamva," anatero a Marjory, n'kuwaika m'thumba la yunifolomu.

Pa 1 Sepitembala Sharon anamutengera kwawo, pamalo a malemu mayi awo, kufupi ndi Mulanje Mission, ndipo anakatenganso Favour. Ine ndimakhala m'mudzi womwewo, ndipo kuyambira apa zambiri ndinaziona ndekha. Esteri anandipempha kope ndi rula. Analemba mizere yake, deti pakona, ndipo kapisozi aliyense akamezedwa ankachonga. Makapisoziwo ankasunga ndi Sharon, m'kachikwama kamene ankamanga m'chiuno, chifukwa Esteri anamuuza yekha kuti asamukhulupirire.

Anali masabata khumi ndi anayi oipa. Sitepe iliyonse ikatsika, masiku anayi oyamba sankadya. Miyendo inkakana kukhazikika. Ankatukwana Sharon, amene anamulera. Tsiku lina anamugwira chitenje akumupempha ndi misozi kuti amupatse limodzi lokha, ndipo Sharon anachita kuthawira kumunda ndi kachikwama kake. Sitepe ina inamukanika, anabwerera m'mbuyo sabata yathunthu atafunsa kuchipatala, n'kuyambanso. Panado ankamwa pa ola lake. Nsalu ankanyika m'madzi a mumtsinje wochokera m'phiri, amene m'mawa amazizira mpaka kuwawa m'zala. Njala ya makapisozi ikamugwira, ankatenga ndodo n'kuyenda, chifukwa anaona kuti njalayo imakwera, imafika pena pake, kenako imatsika yokha ngakhale usameze kanthu.

Kalipentala wa m'mudzimo anakhoma mipando ina iwiri. Mbaula anaikweza pa njerwa kuti aziphika choimirira. Tsache analimangirira kunsungwi yaitali.

Sikuti kwawoko anthu anamumvera chisoni onse. Mbiri inachokera ku Muloza kuti Ganizani wasiya mkazi chifukwa ndi chidakwa cha mapilisi, ndipo inafika pamjigo iye asanayambe kufikapo. Pofika Disembala Ganizani anali atalowetsa mkazi wina. Amayi ena ankaima pamsewu kuonerera tsache lalitali lija.

"Esteri, ukusesa kapena ukuthyola mapapaya?"

Chinamupweteka kwambiri ndi maliro. Pamaliro amayi amakhala pansi. Mu Novembala kunamwalira azakhali ake, ndipo Esteri anapita, Sharon atamunyamulira mpando. Anauika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa nyumba ya siwa. Mayi wina wachikulire anadzuka pamkeka, anabwera pomwe anali.

"Mwana iwe, amene wagona m'nyumbamu anakusambitsa uli khanda. Lero ukumulira uli pampando?"

"Pepani amayi, ndi mwendo."

"Tonse tili ndi miyendo."

Esteri sanatsike. Analira azakhali ake ali pampando, amayi onse atamufulatira, ndipo nthawi ya chakudya palibe anamuitana kuti adye naye mbale imodzi. Pobwerera anauza Sharon kuti tsiku limenelo akanakhala ndi kapisozi m'manja akanameza n'kukhala pansi.

Mpaka lero sagwada. Madokotala anamuuza kuti chifukwa cha kuguluka kuja, kwa iye lamuloli si la miyezi itatu ayi, ndi la moyo wonse. Akakumana ndi akuluakulu amaima, amaweramitsa mutu, amawomba m'manja. Ena amayankha. Ena, amene amadziwa bwinobwino chimene chinachitika, amayang'ana kumbali. Ana a sukulu ndinawafotokozera kamodzi chifukwa chake mayi a Favour amasesa choimirira, ndipo iwo anamva msanga kuposa makolo awo.

Ululu sunathe. Chiperoni chikabwera chiuno chimawawa kuyambira m'mawa, ndipo amatsimphina pang'ono. Masiku otero amamwa panado, amayenda ulendo wake, amadikira kuti dzuwa lituluke.

Mwayi wake ndi woti tiyi amathyola choimirira, chifukwa mitengo yake imalekeza m'chiuno. Mvula itayamba chaka chathachi anapita kwa kapitawo wa esiteti ina yapafupi. Kapitawoyo anamuyang'ana mwendo, anati pamtunda sangamuike, ndipo akachedwetsa anzake amuchotsa. Anamupatsa mizere ya pamalo athyathyathya. Esteri anapempha kuti azikhuthula dengu lisanadzaze, ngakhale zikutanthauza kupita kusikelo kawiri pamene anzake apita kamodzi.

Kapisozi womaliza anameza pa 8 Disembala 2024, ndipo sanamwenso wina. Chitsulo chija chili m'malo mwake. Amayenda makilomita atatu kupita kumunda wa tiyi popanda ndodo, ndipo mu Januwale chaka chino anathyola makilogalamu makumi atatu ndi limodzi tsiku limodzi.